Khoti lapafupi ndi mudzi: malamulo amene analimanga, kulisokoneza ndi kulitseka

Mukachoka kumudzi kwathu kulowera kumsika wa Lachitatu, musanafike pachigayo, pali nyumba ya njerwa zootcha imene anthu mpaka lero amaitchula kuti kukhoti, ngakhale kuti papita zaka pafupifupi 30 mlandu usanazengedwemo. Malata ena anasasuka ndi mphepo, zitseko zinazulidwa kalekale, ndipo nthawi ya dzinja mbuzi zimausamo mvula. Koma mukalowa mkati mupezabe kansanja ka simenti pamene pankakhala tcheyamani wa khoti, ndiponso malo awiri otchingidwa ndi timakoma tatifupi, ena oimapo wodandaula, ena oimapo wodandaulidwa. Malume anga anagwira ntchito ya ukalaliki m'nyumba imeneyi kwa zaka zambiri. Ndili mwana, tikaweruka kusukulu, ndinkakonda kukaima pazenera n'kumawaonerera akulemba m'buku lalikulu la chikuto cholimba, kwinaku mesenjala wovala kaki akuitana maina pakhomo, ndipo pamwamba pa mutu wa tcheyamani panali chithunzi cha Kamuzu, monga zinalili m'nyumba iliyonse ya boma masiku amenewo.

Milandu imene inkafika pamenepo inali ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Mbuzi za uje zadya chimanga cha mnzake, wina wakana kubweza ngongole ya matumba awiri a mtedza, mnyamata wapereka pathupi ndipo akukana, banja lalephereka ndipo ankhoswa agwa mphwayi, mayi watukwanidwa pachitsime pamaso pa anthu. Munthu ankadzuka m'mawa, kupita wapansi, kufotokoza dandaulo lake m'Chichewa popanda womasulira, ndipo dzuwa lisanapendeke ankabwerera kwawo akudziwa kuti chipepeso ndi chakuti, adzalandira tsiku lakuti, komanso kuti wokana kulipira adzakumana ndi mesenjala.

Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikufunafuna chimene chinapha khoti limeneli, chifukwa milandu ya mbuzi, ya ngongole ndi ya mabanja sinathe ayi. Yankho lili m'malamulo amene akhala akulembedwa kuyambira mu 1902, ndipo ndikawalondola limodzi ndi limodzi ndimaona kuti khoti lapafupi ndi munthu wakumudzi lakhala likumangidwa ndi kuphwasulidwa pa zifukwa za olamulira, pamene mwini wake wa mlandu sanafunsidwepo.

Azungu asanabwere, mlandu unkakambidwa pabwalo, pansi pa kachere kapena mtengo wina wa mthunzi, mfumu itakhala ndi nduna zake, ndipo cholinga chachikulu chinali chakuti anthu amene ayambana ayambirenso kumwerana madzi. Bwalo limenelo silinali langwiro, pakuti ndi pomwepo pamene anthu ankamwetsedwa mwabvi, ndipo mawu a kapolo kapena a mkazi wamasiye sankalemera mofanana ndi a mwini mbumba. Komabe linali bwalo limene aliyense ankadziwa njira yake ndi chilankhulo chake. Britain italengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston anaika m'maboma azungu amene ntchito yawo yoyamba inali kutolera msonkho, ndipo anthu omwewo ndiwo ankaweruzanso milandu. Motero khoti loyamba la boma limene makolo athu analidziwa linali tebulo la munthu amene ankawalipitsa msonkho wa nyumba.

Maziko enieni a makhoti amene tili nawo lero anaikidwa ndi lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council la pa 11 Ogasiti 1902. Lamuloli linakhazikitsa High Court, ndipo linanena kuti malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa tsiku limenelo azigwiranso ntchito kuno, n'chifukwa chake ophunzira zamalamulo ku Zomba amaloweza tsikuli mpaka pano. M'lamulo lomwelo munali ndime yakuti pa milandu ya anthu akuda, makhoti azitsogozedwa ndi miyambo ya eni dziko, pokhapokha ngati mwambowo ukutsutsana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino. Mawu amenewa akumveka okoma, koma amene ankayeza ngati mwambo uli wachilungamo anali mzungu yemwe anakulira ku England, ndipo muyezo wake unali wa kwawo. Nthawi zina muyezowo unapulumutsa miyoyo, monga pamene lamulo la za ufiti la mu 1911 linaletsa mwabvi ndi kulozerana chala kuti uje ndi mfiti, ndipo lamulo limenelo lidakalipo. Koma mafumu sanapatsidwe mphamvu yoweruza m'maso mwa boma, ngakhale m'lamulo la mu 1912 limene linawazindikira ngati othandiza DC pa ntchito za msonkho ndi bata. Iwo anapitiriza kukamba milandu pansi pa mitengo yawo, boma likuona koma osawalemba m'buku.

Zinthu zinasintha mu 1933, pa nthawi ya bwanamkubwa Hubert Young, pamene atsamunda anaganiza zolamulira anthu kudzera mwa mafumu awo. Chaka chimenecho kunatuluka malamulo awiri oyendera limodzi, Native Authority Ordinance ndi Native Courts Ordinance. Mfumu yovomerezeka ndi boma inapatsidwa chikalata chotsegulira khoti, kalaliki wolemba milandu, ndi mphamvu yolipitsa chindapusa chimene chinkalowa m'thumba la ulamuliro wa mfumuyo. Maloya sankaloledwa kuima m'makhoti amenewa, ndipo DC anali ndi ufulu wotsegula buku la milandu n'kusintha chigamulo chimene sanagwirizane nacho. Apa ndi pamene bwalo la makolo linalowa m'nyumba ya njerwa n'kuyamba kulembedwa, koma apa ndi pamenenso linayamba kununkha utsamunda, chifukwa khoti lomwelo limene linkagamula za ukwati ndilo linkalanga anthu ophwanya malamulo a boma. M'zaka za m'ma 1950, pamene alangizi ankakakamiza anthu kupanga mizere ndi migula m'minda, nkhani imene akuluakulu amaikumbuka ndi dzina lakuti malimidwe, anthu ambiri analipitsidwa kapena kumangidwa kudzera m'makhoti a mafumu, ndipo mkwiyo wa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland unagwera mafumu ena pamodzi ndi makhoti awo.

Pamwamba pa zonsezi panali makwerero ena amene munthu wakumudzi sankawafika. Panali makhoti a majisitireti, amene lamulo lawo la mu 1958 ndilo likugwirabe ntchito lero pansi pa dzina lakuti Courts Act ngakhale lasinthidwa kambirimbiri, panali High Court, ndipo apilo inkatuluka kunja kwa dziko, mpaka kukafika ku Privy Council ku London, khoti lomaliza la apilo la maiko olamulidwa ndi Britain.

Munthu amene anayesa kukonza khoti lakumudzi ndi mtima wa mwini dziko anali Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku London, yemwenso anali mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party asanapereke mpandowo kwa Dr Banda. Chipanichi chitapambana chisankho cha mu 1961, Chirwa anapatsidwa udindo mu unduna wa zachilungamo, ndipo mu 1962 kunatuluka Local Courts Ordinance. Lamuloli linachotsa mphamvu yoweruza m'manja mwa mafumu n'kuipereka kwa matcheyamani osankhidwa ndi boma, amene ankakhala ndi akuluakulu odziwa miyambo ya deralo owathandiza. Maganizo ake anali akuti wolamulira asakhalenso woweruza, ndiponso kuti pang'onopang'ono makhoti a kumudzi alumikizike ndi makhoti aakulu kuti dziko likhale ndi njira imodzi ya chilungamo. Panalinso ndale mkati mwake, chifukwa chipani sichinkakhulupirira mafumu amene anagwirizana ndi atsamunda, ndipo ambiri mwa matcheyamani atsopano anali anthu okhulupirika kuchipani. Ngakhale zinali choncho, ine ndimaona lamulo la mu 1962 ngati nthawi imene tinayandikira kwambiri chinthu choyenera, khoti lapafupi, lolankhula chinenero cha anthu, koma lokhala ndi khomo lotulukira kupita kwa jaji wophunzira ngati munthu sanakhutire. Nyumba ya kwathu ija ndi mwana wa lamulo limeneli.

Chirwa sanakhalitse kuti aone mbewu yake ikukula. Mu Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu wodzilamulira, nduna zinasemphana maganizo ndi Dr Banda, ndipo iye anali mmodzi mwa amene anachotsedwa n'kuthawira kunja.

Chimene chinasokoneza zonse chinachitika ku Blantyre. Kuyambira chakumapeto kwa 1968 mpaka kumayambiriro kwa 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a mzindawu, ndipo mitembo yambiri inkapezeka itaduladulidwa. Mantha anagwira tauni yonse, ndipo kunabuka mphekesera yakuti boma lomwe likukhudzidwa, kuti likutenga magazi a anthu n'kumatumiza ku South Africa pobweza ngongole. Boma linkafunitsitsa kuonetsa anthu kuti lagwira achiwembu, koma amene anatengeredwa ku High Court anamasulidwa chifukwa umboni unali woperewera. Dr Banda ndi nduna zake anakwiya, ndipo anayamba kulankhula poyera kuti malamulo a chingerezi ndi machenjera a maloya akupulumutsa anthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti ndi olakwa. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo, imene pa nthawiyo inali ya chipani chimodzi, inasintha lamulo lija la mu 1962. Makhoti a kumudzi anapatsidwa dzina lakuti Traditional Courts, ndipo pamwamba pawo panaikidwa makhoti atatu a m'zigawo, kumpoto, pakati ndi kumwera, komanso khoti limodzi la apilo la dziko lonse. Makhoti a m'zigawowa anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha munthu ndi kugamula kuti wolakwa anyongedwe. Ambiri mwa okhala pampando woweruza anali mafumu osankhidwa ndi pulezidenti, amenenso akanatha kuwachotsa tsiku lililonse. Wozengedwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, malamulo okhwima a kaperekedwe ka umboni anaikidwa pambali, njira yopita ku High Court inatsekedwa, ndipo boma ndilo linkasankha khoti limene mlandu upite. Majaji anayi a ku Britain amene anali ku High Court anatula pansi udindo pokana zimenezi, ndipo mu 1970 mpando wa mkulu wa majaji unatengedwa ndi James Skinner, yemwe anali atangosiya udindo womwewo ku Zambia. Anaukhala mpaka 1985, pamene Friday Makuta anakhala Mmalawi woyamba pampandowo.

Ndikofunika kuima pang'ono pa mawu akuti mwambo, chifukwa ndi chinyengo chachikulu chimene chinachitika pano. Palibe mwambo wa Achewa, Ayao, Atumbuka, Alomwe kapena Angoni umene unkadziwa khoti la chigawo chonse, losankhidwa ndi munthu mmodzi ali kunyumba ya pulezidenti, lozenga milandu yolembedwa mu Penal Code, buku la malamulo a milandu ya upandu limene atsamunda anatisiyira kuyambira mu 1930. Pabwalo la makolo munthu ankabwera ndi abale ake omulankhulira, nkhani inkafukulidwa mpaka aliyense atanenapo, ndipo mfumu yogamula mokondera inkataya ulemu, nthawi zina ngakhale anthu ake, amene ankasamuka n'kukamanga kwina. Zimene zinapangidwa mu 1969 zinatenga mkanjo wa mwambo n'kuuveka chida cha boma, ndipo zinachotsa chitetezo cha mbali zonse ziwiri, cha malamulo olembedwa ndi cha bwalo lenileni.

Mu 1976 makhotiwa anapatsidwanso milandu youkira boma, ndipo oyamba kulawa anali Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi a Special Branch, anthu awiri amene iwo eni anatsekeretsa anzawo ambiri popanda kuwazenga mlandu. Pa mlandu wawo khoti linalandira ngati umboni makalata opanda maina a owalemba, potsamira pa mwambi wakuti utsi sufuka popanda moto. Mwambi umenewu ndi wanzeru pamene agogo akulangiza mdzukulu kuti asamale mbiri yake, koma ukasanduka muyezo wopachikira munthu ndiye kuti aliyense wodziwa kulemba kalata usiku ali ndi chingwe m'manja. Muwalo ananyongedwa mu 1977, pamene chilango cha Gwede chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse ndipo anatuluka mu 1993. Gwanda Chakuamba, nduna yamphamvu ya nthawi imeneyo, anagamulidwa ndi khoti la mtundu womwewu kuti akakhale kundende zaka 22.

Mlandu umene umandipweteka mtima koposa ndi wa Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, yemwe anali mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Anagwidwa pa 24 Disembala 1981 kumalire a dziko lino ndi Zambia. Boma linati analowa okha m'dziko, iwo anati anachita kubedwa ali mbali ya Zambia. Anaimikidwa pamaso pa khoti la chigawo cha kumwera ku Soche mu Blantyre, anakanizidwa loya, anakanizidwa kuitanitsa mboni zawo zakunja, ndipo anadziyankhira okha mlandu woukira boma kwa miyezi yambiri. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti anyongedwe. Khoti la apilo linaona zolakwika zambiri m'kazengedwe ka mlanduwo, koma mu Febuluwale 1984 linavomerezabe chigamulocho, ndipo maiko akunja atadandaula kwambiri Dr Banda anasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Munthu amene anafuna kuti mlimi apeze chilungamo pafupi ndi khomo lake anaweruzidwa ndi khoti lomera pa chitsa cha lamulo lake lomwe, litapotozedwa ndi ena.

Nthawi yonseyi, pansi penipeni pa makwerero amenewa, makhoti ang'onoang'ono a giredi A ndi giredi B ankapitiriza kugamula za mbuzi ndi ngongole. Ndinawafunsapo malume ngati sankachita manyazi kugwira ntchito m'khoti lokhala ndi dzina limodzi ndi lija linanyonga anthu. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, za ku Soche ifenso tinkazimva pa wailesi ngati wina aliyense, ndipo tinkaopa. Koma m'buku langa simunalowepo munthu wonyongedwa. Munkalowa amayi ofuna thandizo la ana awo." Sanabise kuti nawonso ankalandira milandu ya anthu osadula khadi la msonkho, kapena kuti tcheyamani sankalimba mtima kugamula motsutsana ndi wapampando wa chipani wa m'deralo. Chimene ankakana n'chakuti makhoti awiriwa aikidwe m'dengu limodzi.

Koma m'dengu limodzi ndi mmene anaikidwa. Itatuluka kalata ya maepiskopi a Katolika pa 8 Malichi 1992, ndipo anthu atavotera matipate pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, chimodzi mwa zinthu zoyamba kugwa chinali makhoti a m'zigawo ndi khoti lawo la apilo, amene anaimitsidwa mu Okutobala 1993. Malamulo aakulu oyendetsera dziko amene anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994 analembedwa ndi anthu amene mabala a ku Soche anali asanapole. Gawo 103 likunena kuti makhoti akhale oima paokha, ndipo likuletsa kukhazikitsa khoti lina loposa kapena lofanana mphamvu ndi High Court kapena Supreme Court of Appeal. Gawo 42 likupatsa wozengedwa mlandu ufulu wokhala ndi loya. Izi zinali zoyenera kotheratu, ndipo zipatso zake tinaziona pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, chinthu chimene sichikanalotedwa n'komwe mu 1983. Komabe olemba malamulowo sanaiwale munthu wakumudzi, chifukwa m'gawo 110, m'mene akukambamo za majisitireti ndi khoti la milandu ya apantchito, anaikamonso ndime yachitatu yolola Nyumba ya Malamulo kukhazikitsa makhoti a kumudzi otsogozedwa ndi mafumu kapena anthu wamba, malinga ngati mphamvu zawo zithera pa milandu ya miyambo ndi timilandu ting'onoting'ono totchulidwa ndi lamulo. Khomo linasiyidwa lotsegula. Chimene chinachitika m'malo mwake n'chakuti makhoti ang'onoang'ono aja anamezedwa ndi makhoti a majisitireti, ena mwa matcheyamani anasandutsidwa majisitireti a magiredi apansi, ndipo nyumba zambiri zakumidzi, kuphatikizapo ya kwathu, zinangotsala zopanda ntchito.

Tanthauzo la zimenezi ndinalimvetsa bwino pamene banja la azakhali anga linatha. Iwo ndi amuna awo analima fodya limodzi kwa zaka zambiri mpaka kugula ngolo ndi ng'ombe ziwiri, ndipo bamboyo atapeza mkazi wina anatenga zonsezo usiku n'kupita nazo kwawo. Ankhoswa anakambirana kawiri osaphula kanthu. Nkhani itafika kwa anyakwawa, anagamula kuti ng'ombe imodzi ibwerere kwa mayi ndi ana, ndipo ngolo igulitsidwe agawane ndalama. Bamboyo anaimirira, nakutumula fumbi pathalauza, n'kunena kuti, "Amfumu, ndakumvani, koma inu si khoti. Ofuna ng'ombe akandisumire kuboma." Ndipo mwa lamulo iye sananame, chifukwa mfumu ilibe mesenjala woti akalande katundu, ndiponso Chiefs Act ya mu 1967 imaipatsa ntchito yosunga bata ndi kuthandiza boma, osati mpando wa woweruza.

Ine ndi amene ndinawaperekeza kuboma. Tinkanyamuka tambala woyamba, kukwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenaka matola, titagulitsa nkhuku kuti tipeze yoyendera ya ife ndi ya mboni imodzi. Ulendo woyamba tinangotenga chisamani. Ulendo wachiwiri wodandaulidwa sanabwere. Ulendo wachitatu mlandu unalowa, ndipo ndinaona azakhali, mayi amene pabwalo la kwathu amatha kulankhula ola lathunthu anthu ali chete, akufota pamaso pa khoti pamene mawu awo ankadulidwa pakati kuti womasulira awatembenuzire m'Chingerezi choti chilembedwe, ngakhale kuti aliyense m'chipindamo, kuyambira woweruza mpaka wapolisi wapakhomo, ankamva Chichewa. Mlandu unaimitsidwa kuti udzapitirire mwezi wotsatira. Tili pamsewu kudikira galimoto, anamasula mfundo ya pansalu yawo, nawerenga ndalama zotsala, n'kundiuza kuti, "Mwanawe, ndikabweranso kawiri ndiye kuti ng'ombeyo ndaigula ndekha. Zisiye." Sitinabwererenso. Sindikuimba mlandu ogwira ntchito pakhoti limene lija, chifukwa ndinaona ndi maso anga mulu wa mafayilo umene unali pa tebulo la munthu mmodzi. Cholakwika chinali mtunda, ndipo mtundawo unapangidwa ndi lamulo.

Boma linazindikira vutoli. Law Commission, bungwe lounika malamulo a dziko, inaunikanso lamulo la Traditional Courts n'kutulutsa lipoti lake mu 2007, ndipo kumayambiriro kwa 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, pamene George Chaponda anali nduna ya zachilungamo, aphungu anavomereza Local Courts Act. Lamuloli linakonza zakuti pakhale makhoti a m'madera ndi khoti la apilo paboma lililonse, ndipo wosakhutira athe kupitirira mpaka ku High Court. Tcheyamani anayenera kukhala wa zaka zosachepera 35, wokhala ndi satifiketi ya MSCE, wodziwa miyambo ndi chilankhulo cha deralo. Milandu yovuta monga ya umwini wa malo, chuma cha masiye, ufiti ndi kulimbirana ufumu inachotsedwa m'manja mwa makhotiwa. Papepala, zimenezi zinali pafupi kwambiri ndi maloto a mu 1962 kusiyana ndi zoopsa za mu 1969.

Koma lamuloli linabadwa pa nyengo yoipa. Inali nthawi imene boma lomwelo linkakhwimitsa malamulo okhudza nyuzipepala ndi ziletso za makhoti, ndipo anthu anali atayamba kuona zizindikiro za ulamuliro wankhanza. Otsutsa boma, kuphatikizapo John Tembo amene ankatsogolera MCP, komanso mabungwe omenyera ufulu wa anthu, anachenjeza kuti makhoti a nthawi ya chipani chimodzi akubwerera pakhomo lakuseri, makamaka poona kuti makhoti atsopanowa anapatsidwanso timilandu tina ta upandu. Zitachitika zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa, lamuloli linali m'gulu la malamulo amene anthu ankati ndi oipa ndipo linatumizidwa kuti likaunikidwenso. Bingu anamwalira mu Epulo 2012, maboma anasinthana, ndalama zotsegulira makhotiwa sizinapezeke, ndipo zaka zinadutsa lamulo lili m'buku koma nyumba zili zotseka.

Mantha a anthu amene anatsutsa lamuloli ndimawamvetsa ndipo sindiwapeputsa, pakuti amene analumidwapo ndi njoka amathawa ngakhale luzi. Palinso nkhawa ina imene amayi ambiri omenyera ufulu amaitchula, yakuti khoti loweruza motsata miyambo likhoza kupondereza akazi ndi ana, makamaka kumene mwambo umati mkazi alibe mawu pa katundu wa banja. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma kutseka khoti sikunachotse mwambo woipa, kwangousiya kuti uzigwira ntchito kumene kulibe buku, kulibe apilo, ndipo kulibe jaji woti adzauyeze ndi malamulo aakulu a dziko. Azakhali anga sanatetezedwe ndi kusowa kwa khoti lapafupi. Amene anatetezedwa ndi mwamuna amene anali ndi ng'ombe ziwiri ndi ndalama yoyendera.

Pa zaka zomwezi Nyumba ya Malamulo yakhala yachangu pokonza makhoti apamwamba. Kunakhazikitsidwa nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda mu 2007, lamulo la mu 2016 linagawa khotili m'nthambi zingapo kuphatikizapo ya mabanja ndi chuma cha masiye ndi ya misonkho, ndipo mu 2022 kunabwera nthambi ya milandu ya zachuma ndi katangale. Zonsezi n'zofunika, koma High Court imakhala ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, m'dziko la maboma 28 limene anthu ake ambiri amakhala kumudzi. Chimene chayandikira kumudzi ndi Customary Land Act ya mu 2016, imene inakonza mabwalo oweruza mikangano ya malo otsogozedwa ndi mafumu aakulu, okhala ndi njira ya apilo, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti aphungu angathe kukhulupirira bwalo lakumudzi akafuna. Anzathu a ku Zambia, amene anachokera mu utsamunda womwewo, anasunga makhoti awo a m'madera pansi pa lamulo la mu 1966, ndipo Mchewa wa ku Katete kapena ku Chadiza amakasuma mlandu wa banja pafupi ndi kwawo m'chinenero chake, ngakhale kuti makhotiwo ali ndi zofooka zawo zimene eni ake amazidandaula.

Chimene ndikanakonda kuona si kubwerera kwa tcheyamani woopa wapampando wa chipani. Ndikanakonda khoti limene woweruza wake sasankhidwa kapena kuchotsedwa ndi wandale, limene pakati pa akuluakulu othandiza kuweruza pali amayi, limene lilibe mphamvu yotumiza munthu kundende, limene chigamulo chake chimalembedwa m'chinenero chimene mlandu wakambidwira, ndipo buku lake limayenderedwa ndi majisitireti wophunzira. Ngati mbali ya milandu ya upandu ndiyo inaopsa anthu mu 2011, aphungu angathe kuichotsa n'kusiya mbali ya ngongole, chipepeso ndi mabanja, imene ndiyo anthu akuisowa tsiku lililonse. Gawo 110 likulola kale zimenezi.

Malume anamwalira zaka zingapo zapitazo. Nditapita kumudzi chilimwe chathachi ndinadutsanso pakhoti paja, ndipo ndinapeza anthu pafupifupi 40 atakhala pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumbayo, amayi mbali ina pa zitenje zawo, abambo mbali ina pa njerwa zogumuka pakhoma. Agulupu anali pampando wa pulasitiki akumva mlandu wa malire a dimba, mbali zonse ziwiri zitapereka kale chabwalo. Ndinakhala nawo mpaka madzulo. Mboni zinalankhula momasuka, nduna ina inafunsa mafunso akuthwa kwambiri, ndipo chigamulo chitaperekedwa amayi anaomba m'manja mwaulemu. Wogonja pa mlanduwo ananyamuka osatsazika, natenga njinga yake imene anaitsamiritsa pa kansanja ka simenti kaja, n'kumapita. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene walemba zimene zagamulidwa, koma panalibe aliyense amene anali ndi buku.